Chithunzi Chathu Chili Kutsidya kwa Diamphwe

M'dziko la Philippines muli chithunzi china chojambula pamanja chimene eni dziko amachita kukwerera basi kuti akangochiona ndi maso awo. Dzina lake ndi Spoliarium. Adachijambula ndi Juan Luna mu mzinda wa Rome, nachimaliza m'chaka cha 1884 iye ali ndi zaka 26 zokha. Lero chili m'nyumba yosungiramo zaluso ya dzikolo, National Museum of Fine Arts, ku Manila, m'chipinda chimene kale aphungu ankakhalamo popanga malamulo. Kukula kwake n'kodabwitsa: msinkhu mamita 4.2, m'litali mamita pafupifupi 7.7. M'nyumba zambiri za kwathu kuno chithunzichi sichingalowe, ngakhale mutasasula denga.

Ine ndidachiona m'buku, atachichepetsa kuti chikwane pa tsamba limodzi, komabe chidandikhudza. Luna adajambula chipinda cha kunsi kwa bwalo la masewero la Aroma akale, kumene ankatayako mitembo ya amuna amene ankawamenyanitsa mpaka kufa kuti anthu a mu mzinda asangalale. Pakati pa chithunzicho pali madoda amphamvu akukwakwaza mitembo pansi monga anyamata akokera mbuzi yofa yokha. Kumanzere kuli khamu, ena akungoonerera, ena akudikira kuti avule akufawo zida ndi zovala. Kumanja, kumene kuli mdima, kwakhala mayi atatifulatira, mutu uli pansi. Nkhope yake sitiiona, ndipo nzeru ya Luna yagona pamenepo, pakuti pamaliro munthu wolira atabisa nkhope amatimvetsa chisoni kuposa wogubuduzika pabwalo.

Chithunzichi chidapata mendulo yagolide pa chionetsero cha zaluso ku Madrid m'chaka chomwecho cha 1884, pamene dziko la Philippines lidali litakhala pansi pa ulamuliro wa Spain zaka zoposa 300. Pa phwando loyamikira Luna ndi mnzake Félix Resurrección Hidalgo, amene adapata mendulo yasiliva, mnyamata wina wophunzira za udokotala, José Rizal, adayankhula mawu oonetsa kuti iye m'mitembo yokwakwazidwayo ankaonamo anthu a mtundu wake. Rizal yemweyu adadzaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1896, ndipo lero ndiye ngwazi yotchuka ya dzikolo. Chithunzicho chidakhalitsa ku Spain mpaka 1958, pamene boma la kumeneko lidachipereka ngati mphatso. Pochitumiza adachidula zidutswa zitatu kaamba ka kukula, amisiri n'kudzachilumikizanso ku Manila.

Ndayamba ndi nkhani ya kutaliyi chifukwa idandisiyira funso. Kodi ife Amalawi, chithunzi chimene tingakwerere basi kukachiona n'chiti, ndipo chili kuti?

Ndidafikako ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ku Museum of Malawi imene idatsegulidwa pamalopo mu 1966. Kuli zinthu zopatsa nzeru: mutu wa sitima yakale, galimoto yozimitsira moto ya m'nthawi ya atsamunda, nyumba ya ndiwula yomangidwa Chichewa chenicheni, ngakhalenso chimwala chimene chidagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Ku Karonga, m'nyumba imene idatsegulidwa mu 2004, kuli mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus. Zonsezi n'zabwino, ndipo mwana wasukulu amabwerako atadzaza kope. Koma ndi zinthu zoti munthu aone, awerenge kachikwangwani, apitirire. Chithunzi chomuimika munthu njii mpaka kuiwala kuti ali ndi ulendo sichipezeka m'gulu limeneli.

Nditanena zimenezi ku ofesi pa nthawi ya tiyi, mnzanga wina adandiyankha mwachidule. "Akulu, musadzivute. Ife ndife anthu a ng'oma ndi magule, mwinanso zosemasema. Zopaka utotozi zidabwera ndi azungu pamodzi ndi choko ndi sileti." Ambiri amene adali pomwepo adagwedeza mutu kuvomereza. Maganizo amenewa ndi ofala, ndipo ndi amene ndikufuna kutsutsana nawo, chifukwa umboni wowagwetsa uli pafupi ndi kwathu.

Kwathu ndi m'mbali mwa Diamphwe, kumwera kwa Nathenje. Mtsinjewu umachokera m'mapiri a Dzalanyama, nulekanitsa boma la Lilongwe ndi la Dedza, mpaka kukathira mu Linthipe. Mukangooloka mlatho wake pa msewu wa M1 kulowera ku Dedza, mapiri amiyala amene amayamba kuoneka kutsogoloko ndiwo dera la Chongoni. M'mapiri amenewo muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, m'dera la makilomita 126 m'bwalo lonse. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ponena kuti pakati pa Africa palibenso pena pamene zojambula zotere zidaunjikana chomwechi. Adali malo achiwiri m'dziko muno kulandira ulemu umenewu, oyamba kukhala Lake Malawi National Park mu 1984. Tili ana tinkaona mapiriwa tsiku ndi tsiku tikamaweta ng'ombe kudambo, koma kusukulu tidaloweza mitsinje ya ku Canada osamvako kuti kutsidya kuli mapanga olembedwa.

Ndidakaona mapanga a Chentcherere, kumpoto kwa tauni ya Dedza, m'nyengo yachilimwe udzu atatentha, ndipo ulendo wina ndidakwera ku Namzeze. Munthu akangofika, maso ake amayamba anamizidwa. Amaona mwala wotuwa, ndere, mikwingwirima ya madzi a mvula, basi. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukakhala pansi, thukuta n'kuuma, maso n'kuzolowera mthunzi, khoma lija limayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi, ndipo umazindikira kuti pali mitundu iwiri ya utoto, wofiira pansi, woyera pamwamba.

Zofiirazo ndizo zakale. Akatswiri amati adazijambula ndi Akafula, kapena kuti Abatwa, alenje aafupi aja amene m'nthano timawatcha Amwandionerapati, amene makolo athu adawapeza m'dziko muno nakhala nawo moyandikana zaka mazana ambiri. Ndi zozungulira zokhala ndi zozungulira zinzake m'kati, zina zotulutsa mizere ngati dzuwa, mizere yotsatana, zina zonga makwerero, zina zonga chipanda chachitali. Nyama ndi zowerengeka. Izi zimadabwitsa, chifukwa munthu akamva kuti mlenje wajambula amayembekezera insa, njati ndi uta, monga zilili m'mapanga a Asan kumwera kwa Zambezi. Kuno ayi. Ena mwa ofufuza amaganiza kuti zizindikirozi zimakhudza za mvula ndi kubereka. Ine chimene chidandigwira ndi kukhazikika kwa dzanja. Kujambula zozungulira zinayi, china m'kati mwa chinzake, ndi chala, pa mwala wokhakhala, mipata yake n'kukhala yofanana, si ntchito ya munthu wongopaka kuti nthawi ipite. Yesani ndi makala pa khoma la khitchini muone. Utoto wake nawo udalowerera m'mwala mwakuti sukhala ngati wopaka, ukhala ngati mwalawo udabadwa nawo.

Komabe mtima wanga uli pa zoyerazo, pakuti zimenezo n'zathu, za Achewa. Ku Chentcherere chimene chimabwerezedwa kwambiri ndi chinyama chotambasula miyendo inayi, mchira kumunsi, mutu kumwamba, ngati chikopa chokhomerera pansi kuti chiume. Wina amati ndi buluzi, wina ng'ona, wina bilimankhwe, wina fulu. Zambiri thupi lake lili ndi madonthomadontho. Pambali pake pamapezeka mizere yokhotakhota yonga njoka ndi timizere tozungulira. Utoto wake ndi dothi loyera losungunula, lopakidwa mokhuthala, ndipo kukula kwa mzere uliwonse ndiko kukula kwa chala cha munthu.

Azungu ena oyamba kuona zojambulazi adaziyesa zosalongosoka poyerekeza ndi zofiira zija, ndipo ngakhale lero mlendo wothamanga amati n'za ana. Ine ndikuti kuweruza kotere n'kusadziwa kumene wojambulayo adaima. Taonani bwino: chinyamachi sitikuchiona cham'mbali monga tionera mbuzi ikamadutsa. Tikuchiona kuchokera pamwamba, monga munthu woimirira aonera chinthu chimene chili pansi pa mapazi ake. N'chifukwa chiyani munthu angajambule pakhoma chinthu chooneka ngati chili pansi? Yankho likupezeka m'zimene ofufuza adapeza. Mu 1978 Lindgren ndi bambo Matthew Schoffeleers adalemba kabuku kolumikiza zojambula zoyera ndi miyambo ya Achewa. Pambuyo pake Benjamin Smith, kenaka Leslie Zubieta amene adasanthula phanga la Mwana wa Chentcherere m'buku lake la 2006 atacheza ndi amayi achikulire, adaonetsa kuti zinyama zotambasukazi n'za chinamwali cha atsikana. Adazijambula ndi amayi, ndipo ndi abale a zoumbaumba zadothi zimene anamkungwi ankaumba pansi polangiza anamwali. Tsono ngati chiyambi chake ndi chinthu choumbidwa pansi, anamwali atachizungulira maso ali pansi, n'zomveka kuti pochikweza pakhoma mayiyo adasunga maonekedwe omwewo. Sadalephere kujambula buluzi. Sankafuna buluzi. Ankafuna chija chimene namwali adachiona pansi, kuti akachiona pamwala achizindikire.

Madontho aja nawonso ndimawadziwa. Ndi dzanja lomwe lija limene limazira nyumba ndi mtsiro, likamaliza n'kudontheza maluwa a dothi lofiira ndi loyera m'munsi mwa khoma pokonzekera Khirisimasi. Ndi lomwe lija limene limalemba mizere pakhosi pa mtsuko usanaotchedwe. Kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje amayi akuchitabe zimenezi chaka ndi chaka, ndipo palibe amene amawatcha akatswiri ojambula. M'mbiri ya zaluso ya maiko ambiri maina a akazi ndi osowa. Kuno gawo lalikulu la chuma chimene dziko lapansi lidatilemekeza nacho lidachokera m'zala za amayi a kumudzi, ndipo UNESCO idatchula mfundo yomweyi polemba malowa.

Nditabwerako ndidakacheza ndi azakhali anga, amene tsopano ndi ntchembere yaikulu m'mudzi mwathu. Ndidawafotokozera chinyama chija, ndikuchijambula ndi kamtengo pabwalo.

"Azakhali, kodi chimenechi n'chiyani?"

Adayang'ana pansi, nayang'ana ine, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Inu bambo, za kutsimba mwayamba liti kufunsa?" Adafufuta ndi phazi chimene ndidajambulacho, koma mosakwiya. "Ife m'nthawi yathu sitinkapita kuphanga, tinkaumba pansi, tikatha n'kuphwanya. Koma ndikuuzeni, chimene mwakaonacho n'chogona. Popanda ng'oma, popanda namkungwi woloza ndi chala, n'dothi chabe. Mwaona mbale, nsima simudaione."

Sadaonjezepo kanthu, ndipo nane sindidawakakamize, poti mwamuna ali ndi malire ake pa nkhani zotere. Koma mawu awo ndi amene adanditsegulira kusiyana kwa chithunzi cha Luna ndi cha ku Chentcherere. Spoliarium ndi chithunzi chokwanira pachokha. Luna adaikamo zonse, kuwala, mdima, magazi, misozi, kuti mlendo wosadziwa chilankhulo chake aime patsogolo pake ali chete n'kumva zonse. Nyumba yosungiramo zaluso idamangidwira zithunzi zotere: khoma loyera, nyali, mlonda woletsa phokoso. Chojambula cha kuphanga ndi theka la ntchito. Theka linalo lidali nyimbo, ng'oma, mwambi ndi mawu a namkungwi. Chili ngati mawu a nyimbo olembedwa pa pepala popanda woimba. Wochiweruza ndi muyeso wa ku Madrid adzachipeza chopepuka, monganso woweruza Spoliarium ndi muyeso wa kutsimba angafunse kuti kodi chinsalu chonsechi chalangiza yani.

Ku Namzeze nkhani ndi ina. Kumeneko zoyera zambiri n'za amuna, za gule wamkulu. Pali zilombo zojambulidwa cham'mbali, msana wolowa pakati, kutsogolo ndi kumbuyo kotukuka, ndipo aliyense amene adaonapo kasiyamaliro akulowa m'bwalo dzuwa litapendeka sangafunse kawiri. Apa napo wojambula adaima pamene woonerera amaima. Chilombo sitichiona kuchokera pamwamba, timachiona cham'mbali chikutuluka kuliunde, fumbi lili koboo. Choncho m'mapiri amodzimodzi muli kaonedwe kawiri, ka amayi koyang'ana pansi ndi ka abambo koyang'ana kutsogolo, ndipo kalikonse n'kokhulupirika ku mwambo wake. Miyendo ya zilombozi siikhala ngati ya nyama ya m'tchire. Amene adagula njira adziwa chimene ndikunena, ndipo ndilekera pomwepo.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi nthawi imene zojambula za gulezi zidapangidwa. Smith, m'nkhani yake ya 2001, adati zambiri n'za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900, pamene gule adapanikizidwa, poyamba ndi nkhondo za Angoni, kenaka ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Mbiri ya dera lathu ikuvomereza. Angoni a Maseko adakhazikika ku Domwe pafupi ndi Dedza, ndipo anthu a Mazengera adathawira pamwamba pa phiri la Nkhoma, pamene amishoni a Dutch Reformed adawapeza nakhazikitsa mishoni mu 1896. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa mishoni ndi dambwe udafika poipa m'chigawo chapakati. Pa nthawi yotere kumanga chilombo chachikulu cha nsungwi ndi makoko a chimanga kudali kudziitanira mavuto, choncho akuluakulu adachijambula m'phanga lobisika kuti anyamata aphunzire ndi kukumbukira. Pakati pa zojambula zoyera za m'chigawo chino ndi kum'mawa kwa Zambia ofufuza adapezamo ngakhale galimoto, umboni woti ojambulawa adali ndi maso pa zachilendo zimene zinkalowa m'dziko, monga gule mwini achitira mpaka lero.

Apa ndiye pamene Luna ndi agogo athu akukumana. Pamene iye ankasakaniza utoto ku Rome, ndipo nthumwi za maiko a ku Ulaya zinkasonkhana ku Berlin kumapeto kwa 1884 kugawana Africa, kuno anthu adali m'mapanga. Onse adali anthu opanikizidwa amene sakadatha kunena poyera zimene zidali kukhosi. Luna adabisa kulira kwa anthu ake m'zovala za Aroma, nakachipachika pamaso pa atsamunda eniake, iwo n'kumupatsa golide. Athuwa adabisa chithunzi chenichenicho kuti mdani asachione n'komwe. Njira ya Luna idapatsa dziko lake chithunzi chimene aliyense amachidziwa. Njira ya athuwa idasunga mwambo, pakuti gule sadafe, ndipo mu 2005 UNESCO idamulengeza kukhala chimodzi mwa zaluso zapamwamba za mtundu wa anthu. Koma idatisiyira vuto lakuti chobisika chija chidabisika ndi kwa adzukulu omwe.

Palinso nkhani ya dzina. Za Luna zonse zidalembedwa, tsiku lobadwa mu 1857, imfa yake ku Hong Kong mu 1899, ngakhalenso mlandu woopsa wa mu 1892 pamene adawombera mkazi wake ndi apongozi ake ku Paris. Dziko lake limanyadira chithunzicho likudziwa kuti dzanja limene lidachijambula lidakhetsanso mwazi wa mayi, ndipo ine sinditha kuyang'ana mayi wofulatira uja osakumbukira zimenezi. Ku Chongoni palibe ndi mmodzi yemwe amene adasainira ntchito yake. Zaluso zathu zambiri sizidapangidwe kuti zikhalitse kapena kuti zitchukitse munthu. Kasiyamaliro amene amuna amuluka masiku ambiri amatenthedwa mwambo ukatha. Choumba cha namkungwi chimaphwanyidwa. Maluwa a pakhoma amachoka ndi mvula yoyamba. Mapanga ndi malo okhawo pamene zinthu zoyenera kutha zidatsalira, ndipo mwina n'chifukwa chake sitidziwa chochita nazo.

Ena amati njira ndi kuzitengera kunyumba yosungiramo zakale, kaya pozijambulanso pa nsalu, kaya pa zithunzi za kamera, ndi kulemba tanthauzo la chilichonse pansi pake. Ndidaona zofananako ku Mua, kumene bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana, ndipo makoma ake akunja adajambulidwa mbiri ya dziko lino mwaluso ndithu. Ntchito imeneyo ndi yaikulu ndipo ndimaivulira chipewa. Komabe nditaima m'chipinda cha zigobacho ndidamva zomwe adanena azakhali. Zonse zili duu, popanda ng'oma, popanda amayi oyankha nyimbo, popanda mwana wothawa. Munthu umaphunzira zambiri, koma mantha aja ndi chimwemwe chija chimene chimagwira mudzi chilombo chikatulukira, zimatsala panja.

Pa za kuulula matanthauzo, maganizo anga ndi akuti si zofunika. Mwambo uli ndi eni ake, ndipo si ntchito ya kalaliki wa boma ngati ine kapena ya mphunzitsi wa ku yunivesite kuuyala pamsika. Koma pakati pa kuulula chinsinsi ndi kukhala chete pali bwalo lalikulu limene ife alembi talisiya lopanda munthu. Tingathe kukamba za kayendedwe ka chala, za kusankha khoma, za chifukwa chimene mayi adaika chinyama chachikulu pamwamba ndi ting'onoting'ono m'munsi, za mmene choyera chimawalira m'mawa ndi kuzimirira masana, popanda kutchula liwu limodzi la kutsimba kapena la kudambwe. Anthu a ku Manila sadikira kudziwa mbiri yonse ya Aroma kuti akambirane za Spoliarium.

Pafupifupi zonse zimene zidalembedwa za Chongoni zili m'Chingerezi, kuphatikizapo lipoti la J. Desmond Clark la 1973 la zimene adafukula ku Mwana wa Chentcherere. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyenera kuthokoza. Amalawi anzathu monga Gadi Mgomezulu ndi Yusuf Juwayeyi nawonso adagwira ntchito yotamandika pofukula mbiri ya dera lomweli. Koma onsewa ndi akatswiri a zofukulafukula, ndipo funso lawo ndi lakuti zidapangidwa liti, ndi yani, chifukwa chiyani. Funso lakuti kodi n'zokongola, ndipo kukongola kwake kwagona pati, likudikira ife, m'chilankhulo cha amene adazijambula. Ndipotu chilankhulocho chidatipatsa kale poyambira. Ku Mikolongwe, m'chigawo chakumwera, kuli phanga lina la zojambula limene anthu adalitcha Mwalawolemba. Sadati mwala wopaka kapena wodetsedwa. Kwa makolo athu kulemba kudalipo choko chisanabwere, ndipo ngakhale nthano ya chilengedwe ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri omwe aja a Dzalanyama kumene Diamphwe amachokera, imati anthu oyamba ndi nyama adasiya mapazi awo pa thanthwe lisanaume. Ife amene timadzitcha alembi a Chichewa timayamba mbiri yathu ndi mabuku a amishoni ndi Nthondo wa Samuel Ntara wa mu 1933, ngati kuti m'mbuyo mwake mudalibe munthu wodziwa kusiya chizindikiro choti wina adzawerenge.

Sukulu za kwathu zikapeza ndalama ya ulendo zimachita hayala lole kupita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi kapena kunyanja ku Salima. Sindikunyoza, mwana ayenera kuona ndege ndi nyanja. Koma Chongoni ali pafupi kuposa Salima, ndipo ana ambiri amene amafika m'mapangamo amafika okha, popanda wowauza chimene akuona. Zotsatira zake zili pakhoma. Ku Chentcherere, kumene n'kosavuta kufikako, pamwamba pa zojambula pali maina olembedwa ndi makala ndi choko, ena ochita kugoba ndi mwala, ena ndi chaka chimene mwini dzina adafikako. Mapanga ena adadetsedwa ndi utsi wa moto wa abusa ndi osaka mbewa. Mitengo imene inkatchinga dzuwa ndi mvula pakhomo pa mapanga ikutha ndi nkhwangwa.

Pamene ndinkadandaula za mainawo, mnyamata amene ankandiperekeza adandifunsa funso limene lidandivuta. "Koma bwana, amayi aja si adapakanso zoyera zawo pamwamba pa zofiira za Akafula? Nanga mwana wasukuluyu walakwa chiyani choposa iwo?" Mnyamatayo adali ndi mfundo. Khoma limeneli lakhala likulembedwa ndi mibadwo yosiyanasiyana, wina pamwamba pa mnzake, ndipo n'kutheka kuti Mkafula akadauka akadawaona amayi athu ngati oononga. Ndidamuyankha kuti amayiwo adabwera ndi nkhani yawo yoti auze ana awo, ndipo adasankha khomalo podziwa kuti ndi malo olemera. M'malo ambiri zofiira zikuonekabe pakati pa zoyera, ngati mawu a agogo m'kamwa mwa mdzukulu. Wolemba dzina sadabwere ndi nkhani, wangoti ndidafika. Adangoti "kaya", ndipo ndidaona kuti sadakhutire kwenikweni, pakuti naye Luna adalemba dzina lake pa ngodya ya chinsalu.

Tidakhala kanthawi tikuyang'ana chinyama china chachikulu chimene dzina la munthu lidadutsa pamsana pake penipeni, zilembo zakuda bii pa dothi loyera. Ndidafunsa ngati sangalifufute ndi kansanza konyowa. Adapukusa mutu, nati adawaletsa kukhudza khoma, ngakhale kuwaza madzi kuti mlendo ajambule bwino. Utoto wofiira udalowa m'mwala, koma woyerawu udangokhala pamwamba ngati mtsiro, ndipo ukapukuta makala, madontho a mayi uja amachokera limodzi.